Tsekwe wakuda wa Harry Pace

Kwa agogo anga aamuna kunali galamafoni. Yeniyeni ija yopukusa ndi dzanja, ya bokosi lakuda ngati sutikesi, anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela pamodzi ndi jekete lachikopa komanso chifuwa chomwe sichinathe mpaka kumanda. Ine ndinaipeza itafa kale, sipuling'i inaduka ndisanabadwe, koma mbale zake zinalipo m'katoni pansi pa bedi, zakuda bii, zolemera ngati chivundikiro cha poto wachitsulo. Tsiku lina ine ndi msuweni wanga tinaba imodzi nkumakaigubuduza pabwalo ngati tayala. Koyamba inayenda bwinobwino, kachiwiri inagunda mwala, phwaa, zidutswa zitatu. Agogo sanatimenye ayi. Anangotola zidutswazo nkumaziphatikiza m'manja ngati zigwirananso, kenako anati, "Mwapha munthu inu." Ife kuseka, kuona ngati nkhalamba ikuchita nthabwala.

Ndinawakumbukira mawu amenewo patapita zaka zambirimbiri, usiku wina magetsi atazima, tulo tosabwera, ndikumaliza bandulo pa foni. Ndinagwera pa pulogalamu ya wailesi ya ku America yotchedwa Radiolab, ya 2021, yokamba za bambo wina dzina lake Harry Pace ndi kampani yake yojambula nyimbo, Black Swan Records. Kampani yomwe inayamba 1921, pofika Disembala 1923 inali itagwa. Zaka zitatu zosakwana nkomwe, mbale pafupifupi 180 basi. Koma kuyambira usiku umenewo munthu ameneyu sanandichoke m'mutu, pena ndimamusilira, pena amandikwiyitsa, nde ndati ndingolemba mwina andisiya.

Ndiyambe ndaponya kaye mawu pambali. Ife kuno tikamva kuti jazz ambiri timakumbuka banjo ya chigubu ndi babatoni, za Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band zija. Jazz ya nkhani ino ndi ina, ya ku America, ya malipenga ndi piyano, ndipo m'bale wake ndi blues, nyimbo za anthu akuda a kummwera kwa dzikolo zodandaula mavuto, mwamuna wothawa, lendi, njala, mowa. Komabe musataye banjo ija, tiipezanso kutsogoloku.

Harry Pace anabadwa 1884 ku Covington m'chigawo cha Georgia. Munthu wakuda, koma khungu lake linali loyera kwambiri moti wosamudziwa akanatha kumuyesa mzungu, ndipo mfundo imeneyi muisunge. Anali mnyamata wa mutu, anamaliza pa Atlanta University mu 1903 ali ndi zaka 19 zokha, woyamba m'kalasi mwake, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali W. E. B. Du Bois, katakwe uja amene ankaphunzitsa kuti anthu akuda ophunzira ochepa aja ndi amene adzakweze mtundu wonse. Pace anamwa chiphunzitso chimenechi mpaka kukhuta. Anaphunzitsako Chilatini ndi Chigiriki, anagwira ntchito ku banki ya anthu akuda ku Memphis, ndipo kumeneko ndi komwe anakumana ndi W. C. Handy, woimba lipenga amene masiku ano amamutcha tate wa blues. Awiriwa anatsegula kampani yosindikiza nyimbo papepala, Pace & Handy. Nthawi imeneyo nyimbo inkagulitsidwa ngati nyuzi, umagula pepala la manotsi nkukaiimba wekha pa piyano kunyumba. Bizinesi inayenda, mu 1918 kampaniyo inasamukira ku New York.

Ku New York ko ndi komwe Pace anaona chinthu chomwe chinamuwawa. Nyimbo zopekedwa ndi anthu akuda, makampani a mbale ankazigula bwinobwino, koma zikafika mu situdiyo woimba ankakhala mzungu. Wakuda akaloledwa pa mbale nthawi zambiri kunali kukachita zoseketsa azungu, kudzinyoza yekha. Mabwana a makampaniwo ankati mawu a anthu akuda samveka bwino pa mbale, komanso eti anthu akuda alibe ndalama zogulira galamafoni.

Bodza limeneli linaphulika mu Ogasiti 1920. Munthu wina wamakani, Perry Bradford, anavutitsa a kampani ya Okeh mpaka analola kujambula mayi wakuda, Mamie Smith, akuimba Crazy Blues. Akuti mwezi woyamba wokha zinagulidwa mbale 75,000. Anthu ogwira ntchito m'makhitchini a azungu, onyamula katundu m'sitima, ochapa zovala, onse anali ndi kandalama kobisa, kungoti panalibe amene anawagulitsapo mawu awo omwe. Pace anaona zimenezi nkuwerengera mwachangu. Anasiyana ndi Handy, natenganso anyamata awiri anzeru a mu ofesimo, Fletcher Henderson ndi William Grant Still, zomwe kunena zoona sizinali zaulemu kwa mnzake wa zaka zambiri, koma bizinesi ilibe chibale. Kumayambiriro kwa 1921 analembetsa Pace Phonograph Corporation ndi mpamba wa madola 30,000, ofesi yake chipinda chapansi cha nyumba yake yomwe pa West 138th Street ku Harlem. Du Bois analowa mu bodi ya kampaniyo, ndipo malonda ankalengezedwa mu The Crisis, magazini ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, yomwe mkonzi wake anali Du Bois yemweyo.

Dzina lija la Black Swan lili ndi mwini wake. Swan ndi mbalame ya m'madzi yonga tsekwe, ya khosi lalitali, yodziwika ndi kuyera mbee. Nde panali mayi wina, Elizabeth Taylor Greenfield, wobadwira mu ukapolo ku Mississippi, amene ankaimba nyimbo za chizungu zapamwamba zija mpaka azungu kusowa chonena, nkumupatsa dzina loti tsekwe wakuda. Mu 1854 anakaimbira Mfumukazi Victoria ku Buckingham Palace. Chaka cha m'mbuyo mwake ataimba ku New York, anthu akuda anzake sanaloledwe kulowa mu holo. Ukaona dzina limene Pace anasankha wadziwa kale kumene mtima wake unali. Sanatchule kampani yake dzina la woimba wa m'bala kapena wa m'munda wa thonje. Anasankha wakuda amene anaimbira mfumukazi.

Mbale zoyamba zinatuluka cha mu Meyi 1921. Taganizani, kumapeto kwa mwezi womwewo azungu a ku Tulsa anatentha Greenwood, dera lonse la mabizinesi a anthu akuda, kupha anthu, kugwetsa chilichonse. Ndiye dziko lake linali limenelo, munthu wakuda kukhala ndi chake inali kale mlandu. Pa ichi chokha Pace ndimamuvulira chipewa.

Koma tamverani zomwe anayamba kutulutsa. C. Carroll Clark, bambo wa mawu a besi yopepuka, kuimba nyimbo zaulemu za pa konsati. Revella Hughes, soprano yophunzira ku koleji. Pambuyo pake Antoinette Garnes ndi Florence Cole-Talbert kuimba opera, Verdi weniweni m'Chitaliyana. Cholinga chinali choti dziko lione kuti munthu wakuda naye amatha zapamwamba, si zovina ndi zoseketsa zokha ayi. Cholinga chabwino zedi, ndipo mbale zimenezo lero ndi chuma, chifukwa makampani a azungu sankajambula kawirikawiri anthu akuda akuimba zoterezi. Vuto linali limodzi lokha. Sizinkagulidwa.

Apa ndi pomwe ndimaona bambo anga. Anali aphunzitsi a pulayimale, a tayi ngakhale Loweruka, mkulu wa kwaya ku tchalitchi, odziwa tonic sol-fa ngati dzina lawo. Pawailesi pakangoyamba banjo, iwo dzanja pa batani, "Tazimitsani zimenezo, nyimbo za pa mowa." M'nyumba mwathu nyimbo zinali zamitundu iwiri, zaulemu ndi zachabechabe, ndipo zachabechabezo nthawi zonse zinkapezeka kuti ndi zomwe zinkaimbidwa ndi anthu osavala nsapato. Koma ine ndinawagwirapo, osati kamodzi, atakhala pakhonde akuchonga makope, wailesi ya kwa aneba ikulira Namoko, phazi lawo pansi pa tebulo likugunda simenti, osaphonya olo kamodzi. Mutu unkakana, phazi linkavomera. Harry Pace anali munthu wotero, kungoti iye phazi lake linali buku la ndalama.

Amene anapulumutsa kampani ndi mtsikana wamtali woonda wochokera ku Chester, Pennsylvania, wakulira m'umphawi wa dzaoneni, amene ankaimba mu kabala kena ka pansi ku Harlem kotchedwa Edmond's Cellar. Ethel Waters. Mwini wake anadzafotokoza pambuyo pake kuti atafika ku kaofesi kaja, Pace ndi Henderson anayamba akambirana kaye ngati aimbe nyimbo za anthu wamba kapena zapamwamba zija. Mwamwayi anagwirizana za wamba. Anajambula Down Home Blues ndi Oh Daddy, anamupatsa madola 100, iye nkuona ngati wagwira njakata poti anali asanaonepo ndalama zotero pa nyimbo ziwiri.

Kujambula kwa nthawi imeneyo musakuone ngati kwa lero kuti munthu ali ndi laputopu ku chipinda kwake wayamba kale kudzitcha produsa. Maikolofoni mu situdiyo anabwera cha mu 1925. Isanafike nthawiyo woimba ankaima kutsogolo kwa chifanelo chachikulu nkumakuwira momwemo, mawu ake okha ndi amene ankagwedeza kasingano kolemba mizere pa phula. Wa lipenga amamuimika kutali kuti asaphimbe anzake, woimba akafika pokweza mawu amabwerera m'mbuyo yekha. Mphindi zitatu mbali imodzi, ukalakwitsa palibe zodula nkumata, mwataya phula, yambiraninso. Nde mukamva mbale zimenezi zikuchita phokoso ngati chimanga chokazinga, dziwani kuti kuseri kwa phokosolo kuli mpweya weniweni wa munthu amene anaima pamenepo tsiku limenelo. Agogo aja sankanama.

Mbale ya Ethel inagulidwa ngati zitumbuwa za m'mawa, kampani inatuluka mu ngongole, nkusamuka kuchoka pansi pa nyumba kupita ku ofesi yeniyeni pa Seventh Avenue. Pace, poti mutu wa malonda anali nawo, anapanga gulu loti liziyendayenda, Black Swan Troubadours, Ethel kutsogolo, Henderson pa piyano. Analengezanso m'nyuzi kuti Ethel wasaina kontrakiti yomuletsa kukwatiwa kwa chaka chathunthu, kkkk, anthu nkumabwera kudzaona mkazi amene kampani ikumuteteza chonchi.

Za Henderson zimandiseketsa. Mnyamatayu anali wa banja lophunzira, digiri ya chemistry m'thumba, anabwera ku New York kudzapitiriza sukulu koma ntchito ya sayansi kwa munthu wakuda kunalibe, nde anangogwera mu nyimbo. Piyano ankaidziwa ya m'buku, yoongoka ngati ya mu tchalitchi. Ethel zinkamunyansa, mpaka anamukakamiza kuti azimvera kaimbidwe ka James P. Johnson, katswiri wa piyano ya ku Harlem, kuti aphunzire kuimenya mokhala ngati ali ndi magazi. Mtsikana wosapita patali ndi sukulu kuphunzitsa mwini digiri. Ndipo anaphunziradi, moti Henderson yemweyo ndi amene anadzakhala mmodzi mwa oyala maziko a mabandi akuluakulu a swing, jazz yovinira ija, nkudzalembera mzungu wina wa bandi, Benny Goodman, nyimbo zomwe zinathandiza kuti Goodman yo atchedwe mfumu ya swing.

Ulendo unayamba chakumapeto kwa 1921 mpaka pakati pa 1922, zigawo 21, matauni oposa 50. Atalengeza kuti tsopano tikulowera kummwera, anyamata anayi a mu bandi anatula pansi zida, ati ife kumeneko ayi. Simungawanene mantha, kummwera nthawi imeneyo munthu wakuda ankapachikidwa pa mtengo chifukwa chongoyang'ana mzungu molakwika. Ethel anapitabe, ati anthu amene akugula mbale zanga ali komweko. Ku New Orleans mu 1922 anaimba pa wailesi, ndipo ambiri amamuwerenga ngati mayi wakuda woyamba kutero. Komweko Henderson anamva kamnyamata kena kakuliza lipenga mwa mtundu wina, nkukapempha kuti kalowe gulu. Kanayankha kuti ndipita pokhapokha mutengenso mnzanga wa ng'oma, Zutty Singleton, nde zinakanika. Kamnyamatako kanali Louis Armstrong, amene anadzatchuka dziko lonse ndi lipenga la jazz. Anadzalowa bandi ya Henderson mu 1924, Black Swan itafa kale.

Mu kaundula wa kampaniyi mulinso zina zoti ukazimva umadzuka pampando. James P. Johnson uja anajambulako piyano payekha mu 1921. Alberta Hunter anayambira komweko. Trixie Smith mu 1922 anatulutsa My Man Rocks Me, yomwe mutu wake wonse uli ndi mawu awiri aja, rock ndi roll, zaka makumi atatu dziko lisanayambe kutchula nyimbo ndi dzina limenelo, ndipo zomwe mayiyo ankanena kuti mwamuna wake amamuchita sizinali za gule, akuluakulu mwamva. Ndimayesa kuganiza nkhope ya Du Bois mu bodi atamva mbale imeneyo.

Tsopano tifike pa chimene chinkamudya Pace mkati ngati chiswe. Kujambula nyimbo ndi theka chabe la ntchito. Phula lija liyenera kupita ku fakitale, akapange chikombole chachitsulo, ndiye azidinda mbale masauzande. Mafakitale onse anali a azungu, ndipo a ku New York sankafuna kumuthandiza. Anachita kukapeza odinda kutali ku Wisconsin, kampani yomwe kholo lake linali lopanga mipando, Wisconsin Chair Company. Iwowa anayamba ndi kukhoma mabokosi a galamafoni, kenako nkuti bwanji tizipanganso mbale zoti anthu aziika m'mabokosimo, nkutsegula Paramount Records. Ndiye onani, mbale iliyonse ya Black Swan inkadutsa m'manja mwa anthu amene anali ndi kampani yawoyawo ya nyimbo. Ankaona ndi maso awo kuti ya Ethel Waters aitanitsanso zingati mwezi uno. Kuli ngati kukagayitsa chimanga kwa munthu amene naye amagulitsa ufa pamsika womwewo, amadziwa matumba ako onse.

Pace anazindikira, ndipo mu Epulo 1922 anagwirizana ndi mzungu wina, John Fletcher, kugula fakitale ya kampani yakugwa ya Olympic ku Long Island City. Ndi maganizo olondola kwabasi, ukhale ndi chigayo chako. Koma fakitale imadya, imafuna izidinda tsiku ndi tsiku, ndipo Black Swan inalibe nyimbo zokwanira kuidyetsa. Mu sitolo ya Olympic munali zikombole zambirimbiri za oimba achizungu zongokhala. Mwaona kale kumene zikupita.

Anayamba kuzidinda nkumamata chizindikiro cha tsekwe wakuda, maina nkusintha. Mzungu wina woimba wotchuka, Aileen Stanley, pa mbale za Black Swan anasanduka Mamie Jones. Mabandi a azungu ankatuluka ndi maina omveka ngati a anyamata a Henderson. Chonsecho malonda a kampaniyi m'nyuzi ankanena monyadira kuti mbale zenizeni za anthu akuda ndi zathu zokha, enawo akungonamizira chikuda. Mawu achingerezi omwe anagwiritsa ntchito pamenepo ndi passing, omwe kwa iwo amanena munthu wakuda woyera khungu amene wasiya abale ake nkukakhala ngati mzungu. Inali nthabwala yoluma, yotembenuza chitonzo. Koma mayi wochapa zovala uja wasunga masenti ake sabata yonse kuti agule mbale ya mtundu wake, wafika nayo kunyumba, amene akuimba m'nyumba mwake ndi mzungu wovala dzina lachikuda. Ine apa ndimalephera kumuikira kumbuyo Pace. Ndikudziwa ngongole imapangitsa munthu kudya zomwe analumbira kuti sadzadya, koma iye sankagulitsa nyimbo zokha, ankagulitsa chikhulupiriro.

Ndiye pali nkhani ya Bessie Smith, yomwe aliyense wokamba za Black Swan salephera kuitchula. Mayi wa ku Chattanooga, thupi lake lalikulu, mawu ngati bingu, womwa, wotukwana, womenya ndewu. Anabwera kudzayesedwa. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti ali pakati pa nyimbo anaimitsa bandi nkunena kuti tadikirani kaye ndilavule, ndipo Pace atamva zimenezo anati ayi, uyu si wathu. Zolavulazo kaya anthu anathirako mchere, koma zoti anamukana ndi zoona, ndipo chifukwa chake chinali chomwecho, ankaoneka wa kumudzi kwambiri, wosapsa, wosayenera chithunzi chomwe kampani inkafuna kuonetsa dziko. Mu Febuluwale 1923 Columbia, kampani ya azungu, inamujambula. Mbale yake yoyamba, Down Hearted Blues, akuti inagulidwa pafupifupi 780,000 m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo mmodzi mwa opeka nyimboyo anali Alberta Hunter, uja anayambira ku Black Swan nkuthawira ku Paramount poona kuti chidwi chonse chili pa Ethel. Azungu a ku Columbia analibe nazo ntchito zoti mayiyu akuchititsa manyazi mtundu, mtundu wake sunali wawo. Iwo anangomva ndalama zikulira pakhosi pake.

Anthu ambiri akamafotokoza kugwa kwa Black Swan amatchula wailesi, ndipo nzoona. Chakudza sichiimba ng'oma, mu 1922 mawailesi anangobuka ponseponse ngati bowa, anthu nkuyamba kumva nyimbo zaulere, malonda a mbale anatsika ngakhale kwa makampani akuluakulu. Amatchulanso zoti Okeh, Columbia ndi Paramount ataona kuti msikawu ulipodi analowamo ndi matumba a ndalama, nkuyamba kukopa oimba ndi malipiro omwe Pace sakanawafika, naonso nzoona. Wosenda nzimbe anali iye, otafuna ena. Koma ine ndimaonjezapo chachitatu, ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Mapanga awiri avumbwitsa. Pace ankafuna ndalama za blues koma ulemu wa opera, ankatenga phindu la Ethel nkukalithira mu Verdi, ndipo blues yomwe ankailola inali yokhayo yochapidwa, yovala bwino. Anthu amene ankamudyetsa ankawakonda ngati mtundu, pa pepala, m'zolankhula, koma fungo la thukuta lawo mu situdiyo silinkamusangalatsa. Pomwe iye ankaganiza kuti mzungu atiwona bwanji, mzunguyo anali kalikiliki kusainitsa anthu omwe iye wawakana.

Pakati pa 1923 kujambula kunaima. Disembala kampani inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo mu 1924 nyimbo zonse za Black Swan zinapita m'manja mwa Paramount. Eya, opanga mipando aja. Iwo anapitiriza nkudzajambula Ma Rainey, Blind Lemon Jefferson, Charley Patton, blues ya fumbi lenileni imene Pace sakanailola pakhomo, ndipo amene ankawasakira oimba ambiri anali munthu wakuda, J. Mayo Williams. Williams naye mu 1927 anayesa yake, Black Patti, dzina lotengeranso kwa mayi wakuda woimba opera, koma sinathe ngakhale chaka, mbale 55 basi. Zinatenga mpaka m'ma 1950, nthawi ya Vee-Jay ku Chicago ndi Motown ya Berry Gordy ku Detroit mu 1959, kuti kampani ya munthu wakuda iimenso pa msika waukulu.

Pace yekha sanagwe nayo kampani. Anthu a mutu sagona ndi njala. Anabwerera ku inshulansi komwe anagwirako kale, natsegula kampani ku Newark mu 1925, ndipo mu 1929 inaphatikizana ndi zina kupanga Supreme Liberty Life ku Chicago, iye pulezidenti, imodzi mwa mabizinesi akuluakulu a anthu akuda kumpoto kwa America. Ali bambo wa zaka za m'ma 40 anabwereranso ku sukulu nkukhala loya mu 1933. Mnyamata wina wosauka amene anamulemba ntchito mu ofesi nkumamulimbikitsa, John H. Johnson, ndi amene anadzayambitsa magazini a Ebony ndi Jet. Pace analinso m'gulu la ozengedwa pa mlandu wa Hansberry v. Lee, wokhudza mapangano a azungu oletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda m'madera ena a Chicago, womwe unakafika ku khothi lalikulu la dzikolo mu 1940 iwo nkupambana. Kamtsikana ka m'banja la Hansberry lo, Lorraine, kanadzalemba sewero lotchuka kuchokera pa zomwe kanaona nthawi imeneyo. Kutanthauza kuti munthuyu moyo wake wonse anali pa nkhondo ya anthu akuda, osati pakamwa pokha, ndi ndalama zake ndi dzina lake.

Kenako chakumapeto anagula nyumba ku River Forest, dera la azungu okhaokha kunja kwa Chicago. Mphekesera zinayamba kuyenda mu ofesi kuti abwana akudzisandutsa mzungu, ana awo akuyenda ndi azungu, ndipo antchito ena achinyamata anaopseza kuti akachita zionetsero pakhomo pake kuti aneba adziwe kuti ndi wakuda. Munthu anangodzitsekera. Anamwalira mu Julayi 1943, maliro ake achinunu, anzake ambiri a nkhondo ija anamva atayikidwa kale. Ana ake anapitiriza moyo ngati azungu, zidzukulu zinakula zikuuzidwa kuti agogo anali ochokera ku Italy, dzina lija nkumati ndi la Chitaliyana. Zinachita kutulukira zokha patapita zaka zoposa 60 kuti agogo awo ndi amene anayambitsa kampani yoyamba yaikulu ya mbale ya anthu akuda, yomwe inkanyoza ena kuti akunamizira mtundu.

Pamenepa sindimuweruza ayi, olo ndikanafuna. Ine sindinakhalepo m'dziko lomwe khungu la mwana wanga lingamutsegulire kapena kumutsekera chitseko cha chipatala, nde sindinganene kuti ndikanatani. Za Mamie Jones ndi za Bessie ndimamunena, izi zokha ndimangoti kaya.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukaona bambo. Anapuma ntchito kalekale, maso ayamba kuchita nkhungu, tayi anaisiya koma shati amamangabe batani la pakhosi. Madzulo tili pakhonde ndinawauza nkhani yonseyi mwachidule, nkuwaikira pa foni kaye opera ya Antoinette Garnes. Anamvetsera mutu uli pambali ngati ali pa mpikisano wa makwaya, nkuti, "Ameneyu anaphunzitsidwa bwino, akupuma pamalo pake." Kenako ndinaika Ethel Waters, phokoso la chimanga chokazinga lija, lipenga kulira chapatali, mayi nkuyamba kudandaula zake. Sanayankhule kanthu mpaka inatha. Ine maso anali pansi pa mpando.

"Iwe," anatero, "nyimbo za pa mowa zimenezi, kaya ndi za ku America."

"Ndizimitse, bambo?"

"Ndani wanena zozimitsa? Ibwezere, ndinali ndisanamve bwino mawu ake."